Kuzondotsa Mbale: Amonke a ku Burma ndi Olamulira Dziko Lawo

M'dziko la Burma, lomwe tsopano limatchedwa Myanmar, amonke a Chibuda, omwe gulu lawo lonse limatchedwa sangha, salima ndipo malamulo awo sawalola kugwira ndalama, kotero m'mawa uliwonse amayenda ndi mbale zawo kukalandira mpunga kwa anthu. Wopereka chakudyacho amakhulupirira kuti akudzikundikira mphotho ya ntchito zabwino imene idzam'tsata akadzabadwanso, ndipo apa m'pamene pagona mphamvu ya amonke pa ndale, chifukwa mmonke akakana mphatso ya munthu amakhala atam'tsekera njira yopezera mphothoyo.

Kale mfumu ndiyo inkateteza chipembedzo, koma Angelezi atachotsa mfumu yomaliza, Thibaw, mu 1885, amonke ena anayamba kulankhulira anthu poyera. U Ottama anamangidwa mu 1921 chifukwa chodzudzula atsamunda, ndipo U Wisara anafera m'ndende mu 1929 atakana chakudya masiku 166 pofuna kuloledwa kuvala mkanjo wake wa umonke.

Chilango chozondotsa mbale, chimene m'chinenero cha Pali chimatchedwa patta nikkujjana, ndi chakale kwambiri: amonke amagwirizana kuti asalandire kanthu kwa munthu wolakwira sangha kufikira atapepesa. Mu Ogasiti 1990, asilikali ataombera amonke ku Mandalay pamwambo wokumbukira anthu ophedwa pa zionetsero za 1988, amonke anazondotsera mbale asilikali ndi mabanja awo, ndipo anakana ngakhale kuwayendetsera miyambo ya maliro. Boma la asilikali, lomwe linali litakana kale kutula ulamuliro kwa chipani cha National League for Democracy chimene chinapambana chisankho cha Meyi chaka chomwecho, linayankha polowa m'nyumba za amonke ndi mfuti.

Zomwezi zinabwereranso mu 2007, boma litakweza kwambiri mtengo wa mafuta. Amonke, omwe amadziwa msanga njala ikalowa m'mudzi poona kuchepa kwa mpunga m'mbale zawo, anachita zionetsero ku Pakokku pa 5 Seputembala ndipo anamenyedwa. Boma litakana kupepesa, amonke zikwizikwi anadzaza misewu ya Yangon akunena mapemphero ofunira zolengedwa zonse zabwino, anthu wamba atagwirana manja m'mbali mwawo kuwatchinjiriza. Kuyambira pa 26 Seputembala asilikali anathetsa zionetserozo mwankhanza, ndipo mmodzi wa atsogoleri a amonkewo, U Gambira, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 68, ngakhale anamasulidwa mu 2012.

Kulimba mtima kumeneku n'koyenera ulemu, komabe kungakhale kulakwa kuganiza kuti sangha nthawi zonse yaima ku mbali ya demokalase. Ufulu wolankhula utayamba kukula pambuyo pa 2011, mmonke Wirathu ndi bungwe la Ma Ba Tha anagwiritsa ntchito ulemu womwewo pofesa chidani pa Asilamu, makamaka a mtundu wa Rohingya, ndipo anakakamiza nyumba ya malamulo kukhazikitsa malamulo a 2015 oika zopinga pa kusintha chipembedzo ndi pa maukwati a akazi achibuda ndi amuna a zipembedzo zina. Asilikali atalandanso boma pa 1 Febuluwale 2021, amonke ena anatuluka m'misewu kutsutsa ndipo anamangidwa, pamene Wirathu, yemwe anali m'ndende podikira mlandu woukira boma, anamasulidwa ndi asilikaliwo mu Seputembala chaka chomwecho.