Kiyi ya API yokana kusungika

Kiyi ya API ndi mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala umene pulogalamu imodzi imaonetsa kwa inzake kuti iloledwe kutenga kapena kutumiza uthenga. Mwini malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi akafuna kuti anthu azilipira pa webusayiti yake kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, amaika pulagini (kapulogalamu koonjezera pa webusayiti), n'kumatamo kiyi yochokera ku kampani yotolera ndalamazo. Nayonso DHIS2, pulogalamu ya University of Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo malipoti a zipatala ngati cha Lungwena, ili ndi makiyi oterewa.

Vuto limaoneka chonchi: munthu wamata kiyi, wadina batani losungira, tsamba latsegukanso, koma kabokosi ka kiyiyo kali mbee! Pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, kiyi imayenera kukalowa mu tebulo la wp_options. Ngati wolemba pulagini anasemphanitsa dzina la kabokosiko ndi dzina limene analembetsa mu WordPress, palibe chimene chimafikako. Nthawi zina ndi pulogalamu yachitetezo ya pa seva imene imayesa kiyiyo yachiwembu n'kuitsekereza, kapena mapulagini awiri akulimbana. Kumene netiweki imadukaduka, uthenga ukhozanso kufera panjira.

Kabokosi koonetsa timadontho tokhatokha sikasonyeza vuto. Mapulagini ambiri amabisa kiyi dala. Koma ngati kiyi ikukanadi kusungika, wokonza amayamba n'kuzimitsa mapulagini ena imodziimodzi, kenako n'kuika pulagini yatsopano. Kiyi imene yatumizidwa pa WhatsApp pofunsa thandizo iyenera kufufutidwa ku kampani imene inaipereka tsiku lomwelo, chifukwa aliyense woiona angathe kuigwiritsa ntchito m'dzina la mwini wake.