Chaka Chimene Mvula Inanyenga Anthu

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa limaswa mtengo. Mitsinje imaphwa, nthaka imaotcha mapazi, ndipo aliyense amayang'ana kumwamba kudikira chizimalupsa, mvula yoyamba ija yozimitsa lupsa. Koma akuluakulu amatichenjeza kuti mvula yoyamba si ya kuikhulupirira, pakuti amakumbukira chaka cha 1949.

Kumapeto kwa 1948 mvula inagwa m'dziko la Nyasaland, anthu nadzala chimanga mokondwa. Mmera utatuluka, mvula ija inaleka. Masabata anapita thambo lili mbee, ndipo chimanga chinafota m'minda. Ena anadzalanso, koma mbewu zinangopserera m'nthaka. Akhristu anapemphera m'matchalitchi, ena nathira nsembe kwa mizimu ya makolo, koma dzuwa silinaleke kuwomba.

Njala inakula koposa m'boma la Blantyre, makamaka ku Lunzu ndi ku Lirangwe. Nkhokwe zitatha, amayi anaphika gaga ndi mizu ya kuthengo. Amuna ambiri anayenda ulendo wautali kunka ku Neno ndi ku Ntcheu kukasuma chakudya, ndipo ena sanabwererenso kwa akazi ndi ana awo. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linaitanitsa chimanga kunja, ndipo mu 1950 linatsegula misasa yodyetserako ofooka. Ngakhale zinatero, nkhalamba ndi ana ambiri anatisiya.

Tsono inu owerenga, mitambo ikayamba kuda ndi mabingu kugunda, kondwerani ndithu. Koma musadzale mbewu zanu zonse tsiku limodzi, ndiponso musaiwale chinangwa ndi mapira, mbewu zopirira dzuwa.