Mbusa wa ku Tekoa ndi Kunyada kwa Israel

Pafupifupi zaka 760 Kristu asanabadwe, dziko la Israel linali pa mtendere ndi pa ulemerero. Mfumu Jeroboam waciwiri anali atafutukula malire ace, malonda anali kuyenda bwino, ndipo akuluakulu a mu Samaria anali kugona pa makama okometsedwa ndi minyanga ya njobvu. Imeneyi si nthano ai, pakuti m'zaka za m'ma 1930 akatswiri okumba mabwinja anapeza zidutswa zambiri za minyanga yosemasema pamalopo.

M'masiku amenewo kunaturuka mneneri dzina lace Amos, woweta nkhosa ndi wosamalira mikuyu, wa ku Tekoa m'dziko la Judah. Iye anayamba ndi kudzudzula mitundu yozungulira, ndiyo ya ku Damascus, Gaza, Tyre, Edom, Ammon ndi Moab, uliwonse ndi mlandu wace wa nkhanza. Tiyerekeze kuti omverawo anali kubvomereza mokondwa, popeza mlandu wa mnansi umakoma m'makutu. Koma atachulanso Judah, kwao kwa iye mwini, cala cinatembenukira Israel. Anawauza kuti oweruza ao anali kulandira ziphuphu, amalonda anali kucepetsa miyeso, ndipo mmphawi anali kugulitsidwa ukapolo cifukwa ca ngongole yosaposa mtengo wa nsapato.

Cimene cinawawa koposa ndi ici. Aisraeli anali kuganiza kuti popeza Yehova anawasankha nawaturutsa ku Egypt, coipa sicingawagwere. Amos anati kusankhidwa komweko ndiko kudzakulitsa cilango cao, nawakumbutsa kuti Mulungu yemweyo anasamutsanso Afilisti kucokera ku Caphtor ndi Aaramu kucokera ku Kir. Nsembe zao ndi nyimbo zao za pa madyerero, anati, zinali kumnyansa Yehova. Tsiku la Yehova limene anali kuliyembekeza ngati la cipambano lidzakhala la mdima.

Amaziah, wansembe wa ku Bethel kumene kunali kacisi wa mfumu, anamnenera kwa Jeroboam kuti ndi woukira, namuuza kuti abwerere ku Judah akadye nsima yace kumeneko. Sitingamdabwe wansembeyo, m'nkhokwe munali modzaza, ndipo adani anali kutali.

Sanakhale kutali nthawi yaitali. Pafupi ndi caka ca 722 Kristu asanabadwe, ankhondo a ku Assyria analanda Samaria atauzinga zaka zitatu, ndipo mfumu yao Sargon waciwiri analembetsa monyadira kuti anatengako anthu 27,290.