Musapale Dzimbiri la Mkondo wa Agogo

Ku Chadiza, kwa Mlolo kapena kwa Zingalume, mukalowa m'nyumba ya nkhalamba mutha kuona mkondo wotsomekedwa kudenga, uli bii ndi mwaye. Mdzukulu wa m'komboni akabwera kudzacheza amangoona chitsulo chokagulitsa pa sikelo. Asanautsitse, ayambe wamva za lupanga la ku Scotland.

Kuyambira mu 1828, akuluakulu a asilikali a kumapiri a Scotland ankanyamula lupanga lakuthwa konsekonse. Pogwirira pake panali chitsulo chonga dengu chotchinga dzanja, ndipo mkati mwake munali nsalu yofiira. Lero anthu osonkhanitsa zinthu zakale amalimbirana malupangawa, koma sathamangira lonyezimira ayi. Lupanga lopalidwa kwambiri limatsika mtengo, chifukwa zozokota ndi dzina la wosula zimafufutika. Iwo amafunsa ngati chimake chilipo, ngati nsalu ija ndi yakale lomwe, makamaka ngati mwini wake akudziwika. Kampani ya Wilkinson ku London inayamba mu 1844 kudinda nambala pa malupanga ake n'kuzilemba m'kaundula. Mpaka lero nambalayo kawirikawiri imaulula amene analigula.

Nanga zathu? Mu January 1898 asilikali a Britain ochokera ku dziko lomwe lero ndi Malawi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolera amuna a mikondo ndi zishango kukakumana ndi mfuti za Maxim. Anagonja. Nsingo anaomberedwa mu February, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo tauni ya Fort Jameson, Chipata wa lero, inakula pa nthaka yawo. Achewa a kuno nawo anali ndi zida zawo: mauta, nthungo, ndi mfuti za gogodela zobwera ndi amalonda a ku Zambezi.

Zida zimenezi zinalibe nambala. Kaundula wake anali pakamwa pa akulu, ndipo maliro a nkhalamba iliyonse amang'amba tsamba limodzi. Mkondo ukatsala wopanda dzina la mwini, suuzanso munthu ngati unapita kunkhondo kapena unkangolasa nguluwe m'munda wa chimanga.

Choncho mukaupeza, musaukwecheze ndi mchenga kapena sandipepa. Pukutani fumbi ndi nsalu youma, pakani timafuta pang'ono pachitsulo pokha, ndipo uikeni posadontha. Kenako khalani pansi ndi agogo, foni ili m'manja, muwajambule mawu: unali wa yani, anausula ndani, unafika bwanji pamudzi pano? Wina akabwera ndi ndalama, dziwani kuti lamulo la Zambia sililola kutulutsa m'dziko zinthu zakale zotere popanda chilolezo cha National Heritage Conservation Commission.

Dzimbiri limadya chitsulo pang'onopang'ono. Agogo ndiwo sadikira. Afunseni Khrisimasi ino.