ANTHU 84 A PA MUDZI WA MBAME

Munthu wofuna kudziwa za ukapolo wa m'dziko lino ali ndi mboni ziwiri zoti azifunse: nkhalamba za m'midzi ndi mabuku akale. Nkhalamba zimene zinaona goli ndi maso ao zinatha kale, ndipo adzukulu ao sakonda kukamba nkhaniyi poyera, pakuti kuchula kuti agogo a uje anali kapolo ndiko kuputa mlandu. Tsono mboni yotsala ndiyo mabuku. Koma buku ndi mboni yonga zinzace: linena cimene mwini wace anacisamala, ndipo cimene sanacisamale licisiya panjira.

Nkhani ya pa mudzi wa Mbame isonyeza bwino zimenezi. M'mwezi wa July, 1861, Dr. David Livingstone anacoka kwa Chibisa, m'mbali mwa mtsinje wa Shire kufupi ndi Chikwawa, nakwera mapiri pamodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi anzace a mishoni ya U.M.C.A., amene analikufuna malo omangapo. Pa 16 July anapumula pa mudzi wa mfumu Mbame, kumwera kwa malo amene pambuyo pace panamangidwa Blantyre. Ali pomwepo anamva kuti ulendo wa akapolo uli pafupi kupyola. Posacedwa unaoneka mzere wautali wa amuna, akazi ndi ana. Akazi ndi ana anali omangidwa ndi zingwe, koma amuna anali m'magoli, ndiyo mitengo ya mphanda yotsekedwa pakhosi ndi citsulo. Owayendetsa anali ndi mfuti, ndipo ena analikuomba malipenga monyada. Koma m'mene anaona Azungu anathawira m'chire. Zingwe zinadulidwa ndi mipeni mosabvuta. Magoli ndiwo anakanika, kufikira panapezeka sowo m'katundu wa Bishopu, mwini wace ali kumtsinje kukasamba. Omasulidwa tsiku limenelo anali 84, ndipo ocuruka anali akazi ndi ana.

Zonsezi ziri m'buku la David ndi mbale wace Charles Livingstone, Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, losindikizidwa ku London m'caka ca 1865. Mulinso cithunzithunzi ca anthu aja ali m'magoli, cimene cinabwerezedwa m'mabuku ambiri a m'sukulu. Buku limeneli linasunga cinthu cimene ambiri anaciiwala. Pakumva za malonda a anthu, maganizo athamangira kwa Aluya ndi ku Zanzibar, ndipo nzoona kuti momwemo muli mau a Rigby, kazembe wa Angerezi, akuti anthu 19,000 a ku dziko la Nyanja analikupyola pa cisumbu cimeneco caka ndi caka. Koma a kwa Mbame sanalikupita kumeneko ai. Analikupita ku Tete, kwa Apwitikizi, amene anali kutumiza akazi kumtunda kukasinthana ndi minyanga ya njobvu. Ndipo mtsogoleri wa ulendowo anali iye mwini kapolo wa mkuru wina wa ku Tete, munthu amene Livingstone anamzindikira cifukwa anamtumikirapo kale. Kapolo analikuyendetsa akapolo anzace, m'njira imene Livingstone yemweyo anaitsegula.

Bukulo lifotokozanso za amene sanafike kwa Mbame. Akazi awiri anaomberedwa dzulo lace cifukwa ca kuyesa kumasula zingwe. Khanda lina linaphedwa cifukwa amace analephera kusenza mtolo ndi mwana pamodzi. Mwamuna wina, atalefuka, anamtema ndi nkhwangwa. Olembawo anasunga tsiku, ciwerengero ndi kutalika kwa goli. Koma maina a anthu anaiwo mulibe, ndipo midzi imene anacokera siichulidwa.

Ndi anthu omasulidwa aja, ndi ena opezeka m'masiku otsata, Bishopu anamanga pa Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, poitanidwa ndi mfumu Chigunda. Apa ndipo mabuku ayamba kusiyana mau. Poyamba Azungu anaganiza kuti nkhani njapafupi: Amang'anja ndiwo ogwidwa, Ayao, amene mabukuwo awachula Ajawa, ndiwo ogwira. Cifukwa ca ici amishoni anatenga mfuti natsogolera Amang'anja kukatentha misasa ya Ayao m'miyezi ya August ndi October caka comweco. Makalata ao atasindikizidwa m'manyuzipepala a ku England m'caka ca 1862 kunabuka mkangano waukuru, ndipo akuru a Mpingo monga Dr. Pusey wa ku Oxford anadzudzula. Masamba ambiri anatha pa funso lakuti kodi nkoyenera Bishopu kugwira mfuti. Za anthu amene nyumba zao zinapsya sanakangane.

Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wodekha m'nkhani iyi anali Henry Rowley, mmodzi wa amishoni a pa Magomero, amene buku lace la mbiri ya mishoniyo linaturuka m'caka ca 1866. Iye, atakhala ndi anthuwo ndi kuyamba kumva cinenero cao, anazindikira kuti ambiri mwa omasulidwa, amene anali kudya nsima pa mishoni, anali Ayao omwe. Anazindikiranso kuti Ayao anadza m'dzikomo ali othawa nkhondo ndi njala ya kwao, ndi kuti mafumu ena a Amang'anja, amene anali kupempha Azungu kuti awathandize nkhondo, nawonso anali kugulitsa anthu. Sicinthu capafupi munthu kulemba m'buku kuti iye ndi anzace analakwa, ndipo pa ici Rowley ayenera ulemu. Wowerenga Livingstone yekha adzaturuka m'bukumo ali ndi mtundu umodzi wouloza cala. Wowerenga onse awiri adzasowa poloza.

Pakuti ukapolo sunayambe ndi alendo. M'midzi munali akapolo ndi adzakazi kale: wina anaperekedwa kulipira mlandu wa mbale wace, wina anasiyidwa cikole osaomboledwa, wina anadzipereka yekha pa nthawi ya njala kuti adye. Otere anakhala pakhomo, nakwatira kapena kukwatiwa pomwepo, ndipo ana ao anakula pamodzi ndi ana a mfulu. Cimene anadza naco amalonda ndico mtengo. Munthu atasanduka mikwamba ya nsaru ndi onga wa mfuti, milandu inacuruka, ndipo mwana wamasiye wopanda malume womteteza ndiye anayamba kupita.

Mishoni ya pa Magomero sinakhalitse. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 January, 1862, pa cisumbu ca pa mathiriro a Ruo. M'mwezi wa April otsalawo anatsikira kwa Chibisa, kumene anakomana ndi cirala ndi njala yoopsya ya 1862 ndi 1863. Bishopu watsopano, William Tozer, anacotsa mishoni m'dzikomo, ndipo m'caka ca 1864 anaikhazika ku Zanzibar.

Nanga omasulidwa aja? Ambiri anafa ndi matenda ndi njala. Ena anatsala kwa Chibisa pansi pa Amakololo amene Livingstone anawasiya kumeneko. Akazi ndi ana ena anatengedwa ndi Horace Waller kunka ku Cape Town, ndipo mmodzi wa iwo dzina lace linasungika: Daoma, kamtsikana kodwala kamene Bishopu Mackenzie anakanyamula pa phewa kufika nako ku Magomero. Iye anakula nakhala mphunzitsi pa nyumba ya ana amasiye mumzindamo. Anyamata awiri, Chuma ndi Wekotani, anaoloka nyanja yaikuru ndi Livingstone kunka ku Bombay m'caka ca 1864, nabwera naye pa ulendo wace wotsiriza. Wekotani anatsalira kwa Mponda m'caka ca 1866, ati wapeza abale ace. Chuma sanamsiye. Livingstone atamwalira kwa Chitambo m'mwezi wa May, 1873, Chuma ndi mnzace Susi anatsogolera onyamula mtembo kufikira ku Bagamoyo, kumene anafika m'mwezi wa February, 1874. Caka comweco awiriwo anapita ku England, nathandiza Waller kulongosola za masiku otsiriza a mbuye wao m'buku la maulendo ace. Mnyamata amene poyamba anawerengedwa m'gulu ngati mbuzi anasanduka mboni imene olemba mabuku anaifunsa.

Maina ena anagona m'zolemba za tsiku ndi tsiku za amishoni, zimene sizinasindikizidwe msanga. Za Lovell Procter, amene anayang'anira mishoni Bishopu atamwalira, zinaturuka m'caka ca 1971. Pambuyo pace Landeg White anasanthula zolemba zotere, nalemba buku lochedwa Magomero m'caka ca 1987, m'mene anthu ena a pa mishoni ija aoneka ndi maina ao, maukwati ao ndi mikangano yao. Pamenepo nkuti patapita zaka 126 cidulire zingwe zija pa bwalo la Mbame.