Mbiri ya Haiku, Ndakatulo ya Maphatikizo 17

Mwana aliyense amene anayamba sukulu ku Mvera, ku Kongwe kapena m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Ntchisi ankayamba waloweza maphatikizo asanadziwe kulemba dzina lake. Ankaimba ba, be, bi, bo, bu, uku mphunzitsi akuloza pabolodi ndi kandodo. Sukulu zoyamba m'mapiri amenewa zinabwera ndi amishoni a mpingo wa Dutch Reformed. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, m'chaka cha 1889, ndipo Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe mu 1894. M'zaka zomwezo, kutali ku Japan, mnyamata wina wodwala chifuwa chachikulu, dzina lake Masaoka Shiki, anali kalikiliki kutsitsimutsa mtundu wa ndakatulo umene maziko ake ndi kuwerenga maphatikizo komweko. Ndakatuloyo imatchedwa haiku, ndipo lero imalembedwa m'zilankhulo zambiri, makamaka m'Chingerezi.

Haiku ndi ndakatulo yaifupi zedi. Mwa mwambo wake imakhala ndi zigawo zitatu: choyamba cha maphatikizo 5, chachiwiri cha 7, chachitatu cha 5, onse pamodzi 17. Kuwonjezera pa chiwerengerochi pali malamulo ena awiri. Mlakatuli ayenera kuikamo liwu losonyeza nyengo ya pachaka, limene Ajapani amalitcha kigo. Ayeneranso kuidula ndakatuloyo pawiri, kotero kuti zithunzi ziwiri ziime moyandikana, wowerenga n'kudzipezera yekha mgwirizano wake.

Poyamba haiku sinali ndakatulo yoima payokha. Inali ndime yotsegulira ndakatulo yaitali yotchedwa renga, imene anthu angapo ankaipeka atakhala pamodzi. Mmodzi ankayamba ndi ndime ya maphatikizo 5, 7 ndi 5, wina n'kuyankha ndi mizere iwiri ya maphatikizo 7 uliwonse, wachitatu n'kupitiriza, mpaka ndime zikwane 36 kapena 100. Ndime yotsegulira ija inkatchedwa hokku, ndipo kawirikawiri ulemu woipeka unkapatsidwa kwa mlendo wolemekezeka. Mlendoyo ankatchula nyengo ndi malo amene wafikapo monga njira yolonjera mwini nyumba. Apa ndi pamene panachokera lamulo la liwu la nyengo. Choncho ndakatulo imeneyi inabadwira pagulu, monga momwe nthano ya madzulo imayendera bwino pokhapokha omvera akamavomera kuti "tili tonse".

Amene anakweza ndime yotsegulirayi kukhala luso lolemekezeka ndi Matsuo Basho, amene anabadwa mu 1644 ndi kumwalira mu 1694. M'masiku ake alakatuli ambiri ankaiona ngati masewera a mawu oseketsa anthu. Iye anaisandutsa chida choonera zinthu wamba mofatsa: chule wa m'dziwe, khwangwala wa pamtengo, udzu womera pamalo pamene panamenyedwa nkhondo. M'chaka cha 1689 ananyamuka mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, pamodzi ndi wophunzira wake Sora, nayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 2,400 kumpoto kwa dzikolo, mbali yaikulu wapansi. Ulendowo unatenga miyezi isanu. M'malo ambiri amene ankagona ankakhala pansi ndi alakatuli a kumeneko kupeka nawo ndakatulo. Buku lofotokoza za ulendowu, lotchedwa Oku no Hosomichi, linasindikizidwa mu 1702 mwini wake atamwalira kale.

Pambuyo pake panadza Yosa Buson, amene anali katswiri wojambula zithunzi ndipo anamwalira mu 1784, kenaka Kobayashi Issa, amene anabadwa mu 1763 m'banja la alimi. Issa anataya mayi ake ali wamng'ono, ndipo atakula anaika m'manda mkazi wake woyamba ndi ana ake angapo. Anasiya ndakatulo zoposa 20,000, zambiri mwa izo zonena za tizilombo tonyozeka monga ntchentche, utitiri ndi nkhono. Anthu osauka anamukonda chifukwa ankalankhula za moyo umene iwo ankaudziwa.

Dziko la Japan litatsegula zitseko zake kwa Azungu, makamaka kuyambira mu 1868, achinyamata ophunzira anayamba kunyoza zolemba za makolo awo. Hokku inaoneka ngati chinthu cha nkhalamba, ndipo aphunzitsi ake ambiri ankangobwereza zimene akale ananena. Shiki, amene anabadwa mu 1867, anadzudzula mchitidwe wobwerezawu m'nyuzipepala, nalimbikitsa alakatuli kulemba zimene aziona ndi maso awo. Ndiye amene anaichotsa ndimeyi ku renga kotheratu ndi kufalitsa dzina lakuti haiku. Zaka zake zomaliza anazithera pamphasa chifukwa cha matenda, koma anzake ankasonkhana m'chipinda chake kuwerengerana ndakatulo. Anamwalira mu 1902 asanakwanitse zaka 35. Magazini ya Hototogisu, imene inayamba mu 1897 ndi kutsata maganizo ake, inapitiriza ntchitoyo.

Ulendo wa haiku wolowa m'Chingerezi unayenda pang'onopang'ono. Ezra Pound, mlakatuli wa ku America, analemba ndakatulo ya mizere iwiri motsanzira luso la Ajapani mu 1913. Koma khomo linatseguka kwenikweni itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. R.H. Blyth, Mngerezi amene ankaphunzitsa ku Japan ndipo anatsekeredwa kumeneko nthawi ya nkhondo, anatulutsa mabuku anayi omasulira ndi kufotokoza haiku pakati pa 1949 ndi 1952. Harold Henderson anatulutsa lake mu 1958, ndipo mu 1968 anathandiza kukhazikitsa bungwe la Haiku Society of America mumzinda wa New York. Ku Britain bungwe lotere linayamba mu 1990. Aphunzitsi a m'sukulu anailandira ndi manja awiri, popeza inali njira yosavuta yophunzitsira ana kuwerenga maphatikizo.

Mmodzi mwa amene anaigwira mwamphamvu ndi Richard Wright, mlembi wakuda wa ku America amene anatchuka ndi mabuku odzudzula tsankho. M'miyezi yomaliza ya moyo wake, akudwala ku France, analemba haiku pafupifupi 4,000, zambiri motsata chiwerengero cha 5, 7 ndi 5. Anamwalira mu 1960, ndipo ndakatulo 817 zimene anazisankha yekha zinadikira mpaka 1998 kuti zisindikizidwe. Muno mu Africa, ofesi ya kazembe wa Japan ku Senegal inayambitsa mpikisano wa haiku mu 1979. Ku Kenya magulu a ophunzira olemba haiku anayamba m'sukulu za ku Kayole, mumzinda wa Nairobi, mu 2006, ndipo anayamba kusonkhanitsa mawu a nyengo za kwawo. Mu 2016 alakatuli a ku Ghana ndi Nigeria anatulutsa magazini ya haiku za mu Africa yotchedwa The Mamba.

Komabe kusamuka kumeneku kunadzetsa mkangano umene sunathe mpaka lero. Chimene Mjapani amawerenga ndi kamvekero kakafupi kwambiri. Lembo la liwu lotalika amaliwerenga kawiri, ndipo n wa kumapeto amaima payekha, kotero kuti dzina lakuti Nippon, limene Mngerezi amalimva ngati maphatikizo awiri, kwa eni ake ndi anayi. Chingerezi chimaunjika malembo ambiri m'phatikizo limodzi, ndipo mawu ake ambiri ndi a phatikizo limodzi lokha. Motero maphatikizo 17 a Chingerezi amanyamula katundu wochuluka kuposa 17 a Chijapani. Akatswiri ena anawerengera kuti maphatikizo pafupifupi 12 a Chingerezi ndiwo alingana ndi haiku ya ku Japan, ndipo alakatuli ambiri anasiya kuwerenga. Ena anakana. Iwo amati lamulo lolimba ndilo limakakamiza mlakatuli kusankha mawu mosamala, ndipo kuti wowerenga amaizindikira haiku ndi chiwerengero chake monga momwe gule amadziwikira ndi kaimbidwe ka ng'oma.

Pa mkangano umenewu wophunzira wa ku Dowa kapena Ntchisi ali ndi mwayi umene Mngerezi alibe. Chichewa chimafanana ndi Chijapani pa kapangidwe ka maphatikizo, pakuti pafupifupi onse amathera ndi lembo la liwu ndipo amatenga nthawi yolingana powatchula. Ngakhale m wa m'mawu akuti mtengo amaima payekha monga n wa Ajapani uja. Vuto la Chichewa ndi lakuti mawu ake ndi aatali. Liwu limodzi lakuti ndinakawaonanso limadzaza lokha mzere wonse wapakati. Wolemba m'Chichewa amakakamizika kutaya mawu onse osafunika, pamene wolemba m'Chingerezi nthawi zina amachita kuwonjezera mawu opanda ntchito kuti chiwerengero chikwane. Chitsanzo chotsata malamulo onse atatu chingakhale chotere:

Nkhungu ku Ntchisi,
mayi asenza nkhuni.
Dzuwa lachedwa.

Liwu la nyengo pano ndi nkhungu, imene imakuta mapiri m'mawa m'miyezi yachisanu ya Juni ndi Julayi. Ndakatuloyi siinena kuti mayiyo akuzizidwa kapena kuti walawirira. Wowerenga amene anakhalapo m'mapiriwa amazimva yekha.

Pa mawu a nyengo, mabuku a ku Japan sangathandize munthu wa kuno, chifukwa iwo amanena za chipale ndi maluwa a mitengo imene siimera m'Malawi. Dowa ndi Ntchisi ali ndi kalendala yawoyawo. Mphukira zofiira za m'nkhalango zimalengeza kuti chilimwe chafika. Nyenje zimalira dzuwa likafika poswa mtengo mu Okutobala. Chizimalupsa chimagwa pa nthaka yopsa, ndipo posakhalitsa kumadza inswa, masuku ndi bowa. Mondokwa amathetsa njala ya m'dzinja, fodya amapachikidwa m'zigafa, ndipo anthu akakolola ng'oma za gule wamkulu zimamveka kudambwe. Mawu ambiri mwa amenewa alibe ofanana nawo m'Chingerezi. Wophunzira amene asankha kulemba haiku m'chilankhulo chimenecho ayenera kulingalira ngati asiye liwu lakuti chizimalupsa momwe lilili, podziwa kuti lokha limadzaza mzere woyamba, kapena alitaye n'kubwereka nyengo za eni ake zimene sanazionepo.

Mbiri ya haiku ikusonyeza kuti ndakatuloyi yakhala ikupulumuka nthawi zonse pamene alakatuli abwerera ku zimene zili pamaso pawo. Basho anachita zimenezi pa ulendo wake, Shiki ali gone pamphasa, ana a ku Kayole m'misewu ya fumbi ya kwawo. Akuluakulu a kuno anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Issa, amene ankalakatula za nkhono zaka 200 zapitazo, akadaumva mwambi umenewu popanda womasulira wambiri. Kuwerenga maphatikizo mwana wa ku Mvera amakudziwa kuyambira Sitandade 1. Chimene chimatenga zaka ndi kudekha kuja, kuima m'njira ya kumunda mpaka munthu aone chinthu chimodzi choyenera maphatikizo 17.