Behemoti wa m'buku la Yobu: njovu, Satana kapena mvuu ya mu Shire?

Mlimi wa kudimba m'mbali mwa nyanja ya Malombe safuna womuphunzitsa za mvuu. Amaidziwa ndi mapazi ake m'matope, ndi chimanga chimene imamweta usiku umodzi wokha, ndi kulira kwake konga kuseka kwa munthu wamwano. Koma nyama yomweyi yakhala ikuzunguza mitu ya akatswiri a Malemba kwa zaka mazanamazana, ndipo mkangano wake sunatheretu.

Nkhani ili pa Yobu 40. Yobu wadandaula mpaka kutopa, anzake amukola ndi uphungu wawo, ndiye Mulungu akumuyankha. Sakumuuza chimene wavutikira ayi. Akungomuonetsa zolengedwa, chimodzichimodzi, mpaka kufika pa chilombo chotchedwa Behemoti m'Chiheberi. Chimadya udzu. Mphamvu zake zili m'chiuno, mafupa ake ndi olimba ngati mkuwa, chimagona m'mabango ndi m'zithaphwi, ndipo mtsinje ukasefukira sichitekeseka. Kenaka pakubwera chinzake cha m'madzi, Leviyatani.

Ayuda akale sanachione ngati nyama wamba. Mabuku monga la Enoke ndi la 2 Baruki amati Behemoti ndi chilombo cha pachiyambi cha kumtunda, Leviyatani cha m'nyanja, ndipo kuti pamapeto a nthawi nyama yake idzakhala ndiwo paphwando la olungama. Papa Gregory Wamkulu, amene anamwalira mu 604, analemba mabuku ambiri ofotokoza Yobu, ndipo kwa iye Behemoti anali Satana. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anati m'maso ndi njovu, ngakhale mumzimu ikuimira Satana yemweyo. Maganizo a njovuwa anakhalitsa, moti Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611 linalemba m'mbali mwa tsamba kuti ena amaganiza kuti ndi njovu.

Tisawaseke akuluakuluwa. Mvuu anali asanaionepo. Aroma ankabweretsa mvuu ku mabwalo awo a masewera, koma ufumu wawo utatha anthu a ku Ulaya ankangoimva m'mabuku. Yoyamba kufika ku London Zoo, yotchedwa Obaysch, inabwera mu 1850 kuchokera mu mtsinje wa Nile, ndipo anthu ankakhamukira kukaiona.

Amene anasintha zinthu ndi Samuel Bochart, mbusa wa Chipulotesitanti wa ku Caen ku France. Mu 1663 anatulutsa Hierozoicon, buku lalikulu la nyama za m'Baibulo, momwe anatsimikiza kuti Behemoti ndi mvuu ndipo Leviyatani ndi ng'ona. Umboni wina unabwera pambuyo pake. Pa makoma a kachisi wa ku Edfu ku Egypt pali zithunzi za mulungu wawo Horus akubaya mvuu yoimira mdani wake Seth, ndipo ofukula zakale apeza mafupa a mvuu m'mbali mwa mtsinje wa Yarkon ku Israel. Ndiye kuti wolemba Yobu akanatha kuidziwa nyamayi, ndi mantha amene imapatsa anthu.

Kwathu kuno nkhaniyi inafika pamadzi. David Livingstone, amene mvuu inamugunda bwato lake mu Zambezi, anakwera Shire n'kufika pa nyanja ya Malawi mu September 1859. Mu 1875 sitima ya Ilala inadutsa pomwe pali tauni ya Mangochi lero, itanyamula amishoni opita ku Cape Maclear. Awa sanawerenge za mvuu m'mabuku okha, ankaipewa tsiku ndi tsiku. Pamene Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito yomwe anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed pamodzi ndi aphunzitsi achimalawi, chilombocho chinalowa m'Chinyanja ngati mvuu, chinzake ngati ng'ona. Mkhristu wa ku Malindi kapena ku Nkope akamawerenga ndimeyi amaona nyama za padooko pake.

Chatsala ndi mchira. Yobu 40:17 amayerekeza mchira wa chilombochi ndi mtengo wa mkungudza. Aliyense amene anaonapo mvuu ikutuluka m'madzi akudziwa kuti kamchira kake n'kakafupi, ndipo ntchito yake yodziwika ndi kumwaza ndowe uku ndi uku. Mkungudza wa pa Mulanje ndi kamchira kameneka n'zotalikirana. Apa ndi pomwe alaliki ena, makamaka a ku America okhulupirira kuti dziko langokhala zaka masauzande ochepa, amati Behemoti anali dinosaur wa khosi lalitali ndi mchira wautali. Maganizowa amafalikira kwambiri pa mafoni masiku ano. Dinosaur wotere ife tili naye: Malawisaurus, amene mafupa ake anafukulidwa ku Karonga, anapatsidwa dzinali mu 1993, ndipo chigoba chake chaimikidwa m'nyumba yosungira zakale m'tauniyo. Vuto n'lakuti asayansi amati anakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, munthu kulibe. Komanso ndimeyo ikunena za kugwedezeka kapena kuuma kwa mchira, osati kutalika kwake, ndipo akatswiri ena amati "mchira" pamenepa ndi mawu aulemu obisa umuna wa nyamayo.

Ine ndili kumbali ya Bochart, koma ndi chenjezo. Yobu ndi ndakatulo, ndipo wandakatulo amakulitsa zinthu dala. Watenga mvuu n'kuikweza mpaka kukhala chizindikiro cha mphamvu zimene munthu sangazimange chingwe. Msodzi wa pa Malombe angavomereze zimenezo. Mvuu yamphongo imalemera kuposa matani 1.5, imadya udzu pafupifupi makilogalamu 40 usiku umodzi, imatha mphindi zisanu ili pansi pa madzi, ndipo pamtunda imathamanga kuposa munthu. Mu May 2023 mvuu inagubuduza bwato mu Shire ku Nsanje, anthu ambiri n'kumira.

Wofuna kuweruza yekha akwere boti ku Liwonde National Park, kumunsi kwa Malombe, atanyamula Baibulo lake. Awerenge Yobu 40 kuyambira ndime 15 mpaka 24, kenaka ayang'ane m'mabango. Koma asatulutse mkono m'botimo.